Pampu Yoyaka Yokha m'Dimba la Amayi

Pampu ija inabwera m'dimba mwathu chifukwa cha mkangano, ngakhale anthu a m'mudzi mwathu ku Chiparamba ankati ndi chitukuko. Atate anali atadwala sitiroko mvula ili pafupi kutha. Anachira ndithu, koma mwendo wakumanzere unatsala wolemera, ndipo mawu anayamba kuwavuta. Kuti atulutse liwu limodzi ankayamba alifunafuna ndi milomo nthawi yaitali, moti ife tinkatopa n'kuwamalizira tokha chimene tinkaganiza kuti akufuna kunena. Pang'ono ndi pang'ono anangosiya kuyesa. Ngakhale ali bwinobwino sanali munthu wolankhulalankhula.

Ana awo tilipo atatu. Achimwene anga a Alfonsi ali ku Lusaka, amayendetsa galimoto za kampani ina, ndipo amakhulupirira kuti nkhani iliyonse ikhoza kutha pa foni bola iwo akweze mawu. Ine ndine Edita, wapakati, amene ndinatsala pamudzi ndi amuna anga a Edmond. Ndimagulitsa masamba kumsika m'tauni ya Chipata. Wotsiriza ndi Tamanda, amene anaphunzira za makompyuta ndipo amagwira ntchito pa kashopu kena m'tauni momwemo, kokonza mafoni ndi kulembera anthu mapulogalamu.

Achimwene ankafuna kuwatenga atate kuti azikakhala nawo ku Lusaka. Ankati munthu wokoka mwendo sangatunge madzi pachitsime ndi ndowa, tsiku lina adzagweramo. Ine ndinakana kwa mtuwagalu. Atate ku Lusaka akachite chiyani, kukhala pa mpando n'kumayang'ana mpanda wa njerwa? Dimba lija linali la amayi, poti kwathu malo amatsata akazi, koma amene analisandutsa dimba ndi atate. Anabwera ali mnyamata kuchokera ku Chipangali kudzakhala chikamwini, anazula zitsa, anakumba chitsime ndi manja awo. Amayi atamwalira, akuluakulu anasonkhana kuti awasudzule, apatsidwe ufulu wobwerera kwawo monga mwa mwambo. Ana tonse tinalira kuti atate sapita kulikonse. Iwo anangoyang'ana pansi osanena kanthu, ndipo tonse tinati avomera.

Amene anathetsa mkangano wa ku Lusaka anali Tamanda. Anati vuto ngati ndi kutunga madzi, iye aika pampu ya sola yothirira yokha, atate azingopalira ndi kumangirira matimati ku mitengo. Achimwene anavomera monyinyirika. Tinagwirizana kuti matimati akapulumuka chilimwe chimenecho ali m'manja mwa atate, nkhani ya ku Lusaka ifere pomwepo. Matimatiwo akafa, ine nditseke pakamwa.

Zinthu zake sizinali zambiri. Panali sola pamwamba pa mtengo, pampu m'chitsime, mapaipi oyenda m'mabedi, ndi kabokosi kotuwa kobisala pansi pa chidutswa cha lata. Kuchokera ku kabokosiko kunali waya, ndipo kumapeto kwa wayayo ankalumikizako kandodo ka mano awiri achitsulo, kobaya m'dothi.

"Aka kandodo kamamvera dothi," Tamanda anatifotokozera tsiku loyamba. "Likauma kamatumiza ziro, likanyowa kamatumiza wani. Kabokosi kakalandira ziro kamayatsa pampu. Ndiye chabe, asisi. Kulibe batire, so isebenza dzuwa likatuluka. Aka kabatani kofiira ni koyatsira na manja, koma musakagwire."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse. Atate anakagwira kandodo kaja, anakatembenuza uku ndi uku, anayesa mano ake ndi chala monga amayesera khasu latsopano, n'kukabwezera.

Poyamba ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinkakwera galimoto ya masamba m'bandakucha, ndipo pobwera masana ndinkapatukira kudimba n'kupeza mabedi ali onyowa bwino. Kenako ndinayamba kuona kuti kunyowako kwanyanya. Madzi ankakhala ali thoo m'mizere, ena atasefukira m'njira mpaka kukalowa m'nyemba za amayi Jesca, oyandikana nafe, amene pakamwa pawo sipatopa. Chitsime chinkatsika ngati chabooka pansi. Masamba a m'munsi a matimati anayamba chikasu, ndipo nditazula tsinde limodzi ndinapeza mizu yakuda, ikununkha.

Koma nthawi iliyonse ndikafika, pampu inali phee, kandodo kali m'malo mwake, atate akupalira kumbali.

Ndinamuimbira Tamanda.

"Sizingachitike, asisi," anatero. "Dothi ikanyowa pampu izima yokha. Kapena kuli wina amene adinda kabatani kofiira."

"Wina wake ndani? M'dimba muja mumakhala atate okha."

Ndinamva kuti nayenso waganiza chimene ine ndinali nditaganiza kale n'kuchikankhira kutali.

Tamanda anabwera Lamlungu titatuluka ku Misa, anatsegula kabokosi, anachotseratu kabatani kaja n'kukaika m'chikwama chake. Anayesa zonse ife tikuona, ndipo zinayenda bwino ngati mwana wopulupudza pamaso pa alendo. Mawa lake masana ndinapeza madzi afikanso m'nyemba za amayi Jesca.

Kabatani kali m'tauni m'chikwama cha Tamanda, dothi ndi lonyowa, kandodo kali pamalo pake, nanga akuyatsa ndani? Amayi Jesca anali ndi yankho lawo, loti pali wina amene dimba lathu likumuwawa mumtima ndipo wapita nalo kwa odziwa. Ndinawauza kuti mfiti za kwathu sizinaphunzire za sola. Koma pobwerera kunyumba ndinapezeka ndikuwerenga m'mutu anthu amene sanatipatse moni wabwino chiikire pampuyo.

Achimwene atamva, iwo sanavutike n'kuganiza komwe.

"Ni adadi," anatero pa foni, mawu ali pamwamba. "Apeza njira ina yoyatsira, manje aiwala kuzimya. Edita, sitiroko siigwira mwendo chabe, igwira na mutu. Lelo ni pampu, mailo azayatsa nyumba. Nibwera pa mwezi ukasila, muwalongezere zovala."

Ndinawatsekera foni. Koma mawu aja anandilowa ngati minga, ndipo ndinayamba kuwayang'ana atate ndi maso ena. Akaima pakhomo n'kumayang'ana kuphiri, ndinkati aiwala kumene amapita. Akasanthula m'matumba a jekete, ndinkati ataya chinthu. Munthu amene anandiphunzitsa kufesa nazale ndinayamba kumulondalonda ngati mwana woyamba kukwawa, ndipo zinkandipweteka kwambiri.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Anali atakhala pakhonde la nyumba yawo, imene ili chapatali pang'ono ndi yathu.

"Atate, pampu ija mukuyatsa ndinu?"

Anandiyang'ana. Milomo inayamba kunjenjemera, khosi likukwera ndi kutsika. Ndinadikira pang'ono, kenako mbuzi zinalowa m'khitchini, ine n'kunyamuka.

"Basi, musavutike," ndinatero ndikuthamangira mbuzizo. Nditabwerako anali atatseka pakamwa.

Mwezi utatsala pang'ono kutha ndinajomba kumsika. Ndinauza a Edmond kuti lero ndikufuna ndione ndi maso anga, kaya ndi atate, kaya ndi mfiti ya amayi Jesca. Ndinafika kudimba kukuyera, mame ali m'miyendo, ndinakhala pa chulu pafupi ndi nthochi. Munalibe munthu. Dzuwa linatuluka, linatsika pang'onopang'ono m'masamba a nthochi, mpaka linafika pa sola paja. Nthawi yomweyo ndinamva kung'ung'uza m'chitsime, mapaipi anagwedezeka, madzi n'kuyamba kutuluka pa dothi limene linali kale matope okhaokha.

Ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinatchula Maria Woyera, ndipo ndikanakhala ndi nzeru ndikanathawa. Koma mkwiyo unaposa mantha. Ndinalowa m'matope muja kuti ndikakaone kandodo konama kaja, kamene kakuuza kabokosi kuti kwauma pamene achule akusambira. Ndinapeza palibe. Waya anali gone pa bedi, kumapeto kwake kulibe kanthu.

Akuba, ndinaganiza. Kenako ndinadzifunsa kuti ndi wakuba wanji amene amaba usiku n'kudzabweza masana. Ndinayesa kuzimitsa pampu, koma sindinadziwe pogwira, ndipo Tamanda anali atandiopseza kuti ndikakoka waya wolakwika zonse zipsa. Ndinangoima pamenepo madzi akundizungulira m'mapazi, ndikuyang'ana matimati akumira.

Dzuwa litakwera ndithu, mthunzi wa nthochi utafupika, ndinaona atate akubwera m'kanjira. Khasu linali paphewa, mwendo uja ukulemba mzere m'fumbi. Ankayenda pang'ono, kuima, kupuma, kuyendanso. Kale ulendo umenewo ankautha nkhuku zisanatsike. Atafika anandiyang'ana modabwa, kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga mu mpango wakale wa amayi. Anamasula bwinobwino. Kanali kandodo kaja, kotsukidwa, mano ake akuwala. Anawerama movutikira, anakalumikiza ku waya, anakabaya m'dothi. Pampu inazima.

Pamenepo ndinakumbukira chimene mwana aliyense wa m'nyumba mwathu amachidziwa. Atate sanasiyepo chitsulo kumunda. Khasu, chikwanje, ngakhale msomali, zonse ankazitsuka madzulo n'kupita nazo kunyumba kuopa dzimbiri ndi manja a anthu. Achimwene mpaka lero amanena za tsiku limene anaiwala nkhwangwa pa chitsa n'kubwezedwa kukaitenga asanadye. Ndiye kandodo ka mano achitsulo, kogulidwa ndi mwana wawo, akanakasiya bwanji kagone m'matope? Ankakazula madzulo mthunzi wa phiri utaphimba kale sola, n'chifukwa chake sanaonepo pampu ikuyaka chifukwa cha kuzulako.

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ngati zimenezi zikuwapulumutsa atate kapena zikuwamangitsa. Ndinamuimbira Tamanda ndili m'matope momwemo.

"Iyayi, asisi, izo sizigwirizana," anatero. "Ngati kandodo kachoka, pampu siingayake. Ilibe woiuza."

"Ndiye ukuti maso angawa ndi onama?"

"Sininakambe so. Nakamba kuti kabokosi kayembekeza ziro. Kandodo kakachoka, ziro izachokera kuti?"

"Ukundifunsa ine? Wa makompyuta ndi ine kapena iwe? Bwera kuno udzaifunse wekha."

Anafika ndi njinga yamoto dzuwa lili pamutu, laputopu ili kumsana. Anagadabuza ndowa, anaikapo laputopu, anailumikiza ku kabokosi. Kenako anazula kandodo pa waya. Pampu inayaka. Anakabwezera. Inazima. Anazulanso, inayakanso. Anabwereza mpaka ndinamuuza kuti chitsime si cha boma.

Anakhala pansi pa udzu, maso ali pa galasi la laputopu. Ine ndinaima kumbuyo kwake ndikusuzumira, ngakhale kwa ine zolembazo zinali ngati nyerere zamwazikana. Anaika chala pa mzere umodzi n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba kanthu kakafupi pambali, anadinda, kompyuta n'kumuyankha ndi liwu limodzi. Tamanda anagwira pakamwa.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

"N'chiyani?"

"Onani apa, asisi." Anandilozera timizere tiwiri togona tija tinkalemba pa masamu kusukulu, koma apa tinali kawiri motsatana, ==. "Apa ndiye pamene nifunsa kabokosi kuti, kodi chimene wamva kwa kandodo chifanana na ziro? Chikafanana, yatsa. Manje chinenero chimene ninalembera, JavaScript, chili na khalidwe lake. Ukachifunsa na zizindikiro ziwiri izi, ndipo zinthu zimene ufananiza ni za mitundu yosiyana, sichikana. Chimayamba chasintha chimodzi kuti chikhale mtundu wa chinzake, ndiye chifananiza. Kandodo kakachoka, kabokosi kamatsala na uthenga wopanda kanthu mkati. Chinenero chitenga uja uthenga wopanda kanthu, chiusandutsa nambala, ndipo nambala yake ni ziro. So kabokosi kaganiza kuti kauzidwa kuti kwauma."

Ndinaganiza kaye.

"Nanga chalakwa chiyani? Ziro si kupanda kanthu komweko? Aphunzitsi athu ankatero."

"Iyayi. Ziro ni yankho. Kandodo kafunsidwa, kayankha kuti kwauma. Uku kwina sikanayankhe kalikonse."

"Kupanda kanthu ndi kupanda kanthu, Tamanda. Usandizunguze mutu."

Anapukusa mutu, anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna poyambira.

"Tikambe kuti nabwera pa tebulo panu ku maliketi. Nafunsa kuti matimati yatsala yangati, imwe mwati ziro. Ndiye kuti yasila, si so? Manje tsiku lina nabwera, napeza imwe mulibe, mwapita kukatunga madzi. Kulibe woniyankha. Nipite nikauze anthu kuti kwa Edita matimati yasila?"

"Ukatero ndikukuntha."

"Ndiye zimene kachita aka kabokosi."

Ndinamva, kapena ndinayesa kuti ndamva. Tamanda anati mankhwala ake ndi ochepa, kungowonjezera chizindikiro chachitatu zikhale ===. Anati zitatuzo sizinyengerera, sizisintha kanthu, zimafuna zinthu zifanane chenicheni, mtundu ndi zonse. Analemba, anatumiza ku kabokosi, anazula kandodo. Pampu inakhala chete. Ndinatsala pang'ono kululuta.

"Tiyese na pouma," anatero, ndipo anakoka waya mpaka m'njira, pamene dothi linali louma gwa. Anabaya kandodo pamenepo kuti pampu iyake.

Sinayake.

Anakazula, anakapukuta ndi siketi, anakabayanso. Zii. Tinayang'anana. M'mawa tinali ndi pampu yosafuna kuzima, tsopano tinali ndi pampu yosafuna kuyaka, ndipo achimwene anali atanena kale kuti Loweruka afika. Ndinamuuza Tamanda kuti achotse kachitatu kakeko tibwerere ku misala yakale, bola ija inkatulutsa madzi.

"Yembekezani!" anandikalipira, thukuta lili pamphuno. Analembanso pambali paja, kompyuta inayankha, iye n'kudzimenya pa ntchafu. "Ni ziro."

"Ziro watani tsopano?"

"Kandodo katumiza ziro monga chilembo, monga mu meseji ya pa foni. Ine apa ninalemba ziro wa nambala, wowerengera. Zizindikiro ziwiri zija zinali kuwagwirizanitsa mwakachetechete. Zitatu zakana, zati awa ni osiyana."

"Iwe mwana iwe. Poyamba unati kupanda kanthu kukufanana ndi ziro pamene sikuyenera. Tsopano ukuti ziro sakufanana ndi ziro?"

"Nkhope ni imodzi, mtundu ni wosiyana."

Apo ndinagwira njakata. Ndinakakhala pa chulu paja n'kumusiya ndi maziro ake. Anaika timizere tokhota uku ndi uku kwa ziro wake kuti akhale chilembo ngati wa kandodo, anatumizanso. Pouma pampu inayaka. Ponyowa inazima. Atazula kandodo inakhala chete, kudikira. Anayesa mobwerezabwereza mpaka nkhope yake inamasuka.

Nthawi yonseyi atate anali chapafupi, akumangirira matimati otsala ndi luzi, dzanja limodzi likuthandizana ndi mano. Tamanda anapita kukagwada pafupi nawo.

"Adadi, vuto inali yanga. Imwe simunalakwe. Muzikazula monga mwa masiku onse."

Atate anamuyang'ana, anamusisita pamutu ndi dzanja la matope. Ine mtima unali mbee. Mutu wa atate unali bwinobwino, ndipo ndinali ndi mboni ya kompyuta.

Loweruka achimwene anafika ndi galimoto yobwereka, fumbi lili mbuu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa atate, iwo ndi achimwene pa mipando, ine ndi Tamanda pa mphasa. A Edmond anakhala chapatali pa mtondo wogadabuza, monga akhalira mkamwini pa nkhani za eni mudzi. Sindinadikire n'komwe kuti madzi akumwa afike. Ndinakhuthula zonse, za kandodo, za mpango wa amayi, za zizindikiro ziwiri ndi zitatu, ndipo pamene ndinasokoneza maziro Tamanda anandiwongola.

Achimwene anamvetsera akugwedeza makiyi a galimoto.

"Chabwino, mutu uli bwino, tayamika Mulungu," anatero. "Koma matimati hafu yafa, na mwendo ukali chimodzimodzi. Ku Lusaka kuli vipatala. Adadi, tipita, si so?"

Atate anayang'ana pansi. Milomo inagwedezeka pang'ono.

"Mwaona?" achimwene anatero akuimirira. "Sanakane. Edita, chikwama chili kuti?"

Ndinadzambatuka pa mphasa.

"Khalani pansi, achimwene! Sanakane, inde, koma avomera liti? Nzeru zanuzo ndi zomwe zija za kabokosi, kumva chete n'kuyatsa pampu. Zatiolera matimati nzeru zimenezo! Atate sakufuna za ku Lusaka. Atate akufuna kukhala pano, pa dimba lawo, pafupi ndi manda a amayi."

Ndinamva kukoma nditanena zimenezo. Achimwene anandimvera n'kukhala pansi, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Koma Tamanda anandikoka chitenje.

"Asisi," anatero motsitsa mawu, "nanga imwe, izo mwakamba, anakuuzani liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe. Ndinafufuza m'mutu tsiku limene atate ananena kuti akufuna kukhala. Ndinabwerera mpaka kuchipatala, mpaka pa maliro a amayi, mpaka tsiku la kusudzula lija. Sindinalipeze.

"Tiwafunse," Tamanda anatero. "Ndipo tiyembekeze."

Anasendera pafupi n'kugwira bondo lawo.

"Adadi, imwe mufuna chani?"

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Milomo ya atate inayamba ntchito yake, kufunafuna, kutseguka, kutsekeka. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake. Foni ya achimwene inalira m'thumba, iwo anaizimitsa osaiyang'ana. Atate anatulutsa "ndi", n'kuima. Lilime langa linali litanyamuka kale kuti ndiwamalizire kuti "ndikhala", koma ndinamva a Edmond akutsokomola pa mtondo paja, ndipo nditacheuka anandipukusira mutu pang'ono. Ndinaluma mlomo.

"Ndi... kufuna," atate anatero. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu. "Kwathu."

Anapuma pang'ono, n'kuyesanso.

"Ku... Chipangali. Kwa Leticia."

A Leticia ndi mlongo wawo, azakhali athu, amene anatsala pamudzi pomwe atate anabadwira. Tinkawaona pa maliro ndi pa maukwati basi.

"Atate," ndinatero, "nanga dimba?"

Tinadikiranso. Ulendo uno sindinayese n'komwe kuthandiza.

"La... amako. Lako." Anapuma. "Ndina... lisunga. Ndatopa."

Ndinayang'ana achimwene, ndikuyembekeza kuti akweza mawu, anene za vipatala, tikangane monga mwa masiku onse, mwina m'phokosomo nkhaniyi isochere. Koma anali atazolika, makiyi ali chete m'manja. Tamanda ankalira. A Edmond okha ndi amene sanaoneke odabwa. Ankayang'ana kumpoto, kumene nawonso kuli kwawo.

Ndinafuna kunena kuti mwina atate sakudziwa chimene akunena, kuti sitiroko imagwira ndi mutu womwe. Mawuwo anafika mpaka pammero. Koma ndinali nditangotha kulumbira pamaso pa onse kuti mutu wawo uli bwinobwino, ndi mboni yanga ya kompyuta.

Chikwama ndinalongeza ndine. Mawa lake titatuluka ku Misa, atate anayenda okha mpaka pa galimoto, mwendo ukulemba mzere wake m'fumbi. Asanakwere anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa mpango wa amayi uli ndi kandodo mkati, anandiika m'manja n'kufumbatitsa zala zanga. Galimoto itafika pa mphambano sinakhotere ku Lusaka, inalunjika ku Chipangali. Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha, mtima ukuwawa ngati tsiku la maliro a amayi.

Matimati otsala aja anapsa bwino, ndipo pampu sinachitenso misala. Tamanda akuti kandodo kaja sikachita dzimbiri, palibe chifukwa chokazulira. Ine madzulo aliwonse ndimakazula, ndimakatsuka pachitsime, n'kupita nako kunyumba.